Poyambira kulemba mbiri ya moyo wanu: malangizo kwa ife adzukulu a matchona mu Harare

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Highfield, mayi ena achikulire anandikokera pansi pa mtengo n'kundiuza kuti akufuna kulemba mbiri ya moyo wawo kuti adzukulu adzawerenge. Kope anagula kalekale, cholembera chilipo, koma akangokhala pansi mutu umangoti zii. "Mwana wanga, ndiyambire pati? Ine ndangolera ana ndi kugulitsa masamba pa Musika. Pali chiyani pamenepo?" Titacheza pang'ono ndinamva kuti anabadwira pa famu ya fodya, kuti bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso, ndiponso kuti iwo eni anakaona mudzi wa bambo awowo ali ndi zaka 58, atanyamula dzina la mfumu lokha pa kapepala. Ndinawauza kuti, "Amayi, nkhani muli nayo yodzaza nkhokwe. Chimene mukusowa ndi khomo lolowera."

Ambiri a ife tili chimodzimodzi. Timadikira kuti tsiku lina nzeru zolembera zidzatigwere ngati mvula, pamene zimene zingatakase mtima zili m'nyumba mwathu momwemo, m'kamwa mwa agogo, ndi m'misewu imene timadutsa tsiku ndi tsiku pa kombi. Zimene ndalemba apazi ndi zimene ndinawauza mayi aja, ndipo ndi zimene ine ndimachita kope likandikana.

Choyamba: musayambe ndi tsiku lobadwa, yambani ndi chinthu chogwirika

"Ndinabadwa m'chaka chakuti pa chipatala chakuti." Chiganizo chimenechi chaphetsa makope ambiri, chifukwa tsiku limenelo inu simulikumbuka, ndipo chimene simuchikumbuka simungachilembe chikoma. Lisiyeni, mudzalilemba pambuyo.

Pitani kukatsegula sutikesi kapena tranka imene imakhala pansi pa bedi kapena pamwamba pa wadirobu. Pafupifupi banja lililonse lochokera ku Malawi lili nayo. M'menemo mungapeze chitupa chakale cha agogo chokhala ndi chidindo cha bwana wa pa famu kapena pa mgodi, khadi la ubatizo, kabuku ka sosaite ya maliro, chithunzi chojambulitsa ku situdiyo bambo atavala jekete lobwereka, kalata yochokera kumudzi yopempha bulangete ndi ndalama ya msonkho, kapena mpukutu wa ndalama zija za 2008 zokhala ndi maziro osawerengeka. Sankhani chinthu chimodzi chokha, osati zonse. Chiikeni patebulo, ndipo kwa mphindi 15 lembani mayankho a mafunso awa: chikuoneka bwanji, chikununkhira chiyani, mwini wake anali yani, ankachisunga pati, ndani amene sankaloledwa kuchikhudza, ndipo inu munachiona koyamba liti?

Ine ndinayamba ndi kapu ya malata ya agogo aamuna, yong'ambika kukamwa, imene munthu wina aliyense sankamwera. Ndinkaganiza kuti ndilemba mizere itatu. Kapuyo inanditengera ku tiyi wa m'bandakucha agogo akukonzekera kupita ku ntchito ya ulonda, inanditengera ku mawu awo akuti "ukhale bwino ndi anthu, kuno n'kwa eni", ndipo pofika tsamba lachinayi ndinazindikira kuti ndikulemba za mantha amene banja lathu lonse linakula nawo. Ndikanati ndiyambe ndi kulemba za mantha, sindikanapeza ngakhale liwu limodzi. Kapu ndi imene inanditsogolera.

Chachiwiri: khalani pansi ndi akuluakulu, ndipo muchite zimenezi msanga

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pali chuma, ndiponso ndi pamene nthawi ikutithera. Anthu amene anabwera kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, lero ali m'zaka za m'ma 80 kapena 90, ndipo mwezi uliwonse timaperekeza wina ku manda a Mbudzi kapena a Warren Hills. Aliyense akamapita amatenga dzina la mudzi, dzina la mfumu, ndi njira yonse imene anayenda. Mbiri yanu ndi yanu inde, koma simungafotokoze chifukwa chake munabadwira ku Mufakose osati ku Ntcheu popanda iwowa.

Musawafikire ndi kope m'manja n'kunena kuti, "Agogo, ndiuzeni mbiri yanu." Adzakuyankhani kuti "tinavutika basi", nkhani n'kuthera pomwepo. Pitani ndi shuga ndi buledi monga mwa ulemu wake, khalani pamphasa, thandizani kusenda mtedza kapena kusadzula masamba, ndipo funsani tinthu tating'onoting'ono. Munanyamuka kumudzi mwezi wanji, chimanga chinali chitacha? Munali angati? Kamba wa paulendo anali chiyani? Zambezi munawoloka bwanji pa Tete, poti mlatho kunalibe? Usiku munkagona pati? Munalowera ku Nyamapanda ndi Mutoko kapena njira ina? Malipiro oyamba munagula chiyani? Phoso la pa komboni linali lotani?

Muziyeseranso kuponya mawu akale kuti muone ngati angayatse moto. Tchulani "Ulere", galimoto zija zimene zinkanyamula anthu ofuna ntchito kuwabweretsa ku Southern Rhodesia osalipira. Tchulani "Mthandizi", bungwe limene linkalemba anthu ku Nyasaland kuti adzagwire ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno. Tchulani "Wenela", bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku South Africa, poti ambiri anayamba apita ku Joni kapena anali paulendo wa kumeneko n'kutsakamira panjira. Tchulani njala ya 1949. Ndaonapo nkhalamba imene inakhala duu ola lathunthu, koma itangomva liwu lakuti Ulere inadzuka n'kuyamba kusonyeza ndi manja mmene ankathithikanira m'lole.

Musaiwale agogo aakazi ndi azakhali. Nkhani ya ulendo wa ku Halale imakambidwa kawirikawiri ngati ya amuna okha, koma kunali amayi amene anatsatira amuna awo ndi mwana kumsana, ena amene anasiyidwa kumudzi akudikira munthu wosabwera, ndi amayi a Chishona kapena a ku Mozambique amene anakwatiwa ndi a kwathu n'kuphunzira kuphika thobwa ndi kulankhula chinenero cha apongozi amene sanawaonepo. Amayi a mumpingo wa CCAP, akuluakulu a ku mzikiti, ndi alembi a masosaite a maliro amadziwa mabanja ambiri kuposa mmene mungaganizire. Sinodi ya Harare ya CCAP inaphuka kuchokera ku ntchito ya mpingo wa Nkhoma pakati pa anthu athu obwera kudzagwira ntchito, choncho mabuku a ubatizo ndi a ukwati m'mipingo yakale angakusonyezeni mudzi ndi mfumu ya kholo lanu.

Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni, pemphani kaye. Akakana, musaumirire, mukangotuluka khalani penapake mulembe zonse mutu usanazizire. Akakhala chete pakati pa nkhani, inunso khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri chimene chimatuluka pambuyo pa chete ameneyo ndicho munabwerera. Ndipo bwererani kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa ulendo woyamba amakuuzani zimene amauza aliyense.

Chachitatu: yendani wapansi kumene munakulira

Tsikani kombi patali ndithu ndipo muyende njira imene munkayenda popita kusukulu. Ngati ndi ku Mbare, dutsani pa Matapi, pa Stodart Hall, pa Rufaro, mumve phokoso la pa Musika m'mamawa malole a tomato akutsitsa. Ngati ndi ku Rugare, imani pafupi ndi njanji. Ku Mabvuku ndi Tafara, kumene ambiri mwa makolo athu ankakhala akugwira ntchito yophika ndi ya m'dimba m'nyumba za azungu, kumbukirani fumbi la simenti pa masamba. Ku Dzivaresekwa, ku Epworth pakati pa miyala ija yosanjikizana, kulikonse kumene kuli mchombo wanu. Musalembe chilichonse mukuyenda. Mukafika kunyumba jambulani mapu a nyumba imene munakuliramo: khomo linali pati, ndani ankagona pati, wailesi inkakhala pati, mpopi unali kutali bwanji. Pa chipinda chilichonse lembani chinthu chimodzi chimene chinachitikiramo.

Ena mudzapeza kuti nyumbayo kulibe. Zipinda zambiri za kuseri zinagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005, ndipo makomboni ambiri a m'mafamu anabalalika kuyambira 2000. Pitanibe. Imani pamalopo, muone chimene chamerapo. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene munkakwera mwina udakalipo, ndipo ungakukumbutseni zambiri kuposa khoma.

Kanthu kena kothandiza: agogo akamati "Harare" pa nkhani zakale, nthawi zambiri akunena Mbare, chifukwa limenelo ndilo linali dzina la lokeshoniyo, pamene mzinda wonse unkatchedwa Salisbury mpaka 1982. Mukasokoneza pamenepa mudzawaika agogo anu m'misewu imene sankaloledwa n'kuyendamo usiku.

Chachinayi: lolani mphuno ndi lilime zikukumbutseni

Phikani chakudya chimene simunadye zaka zambiri: mfutso wotendera, chigumu, futali, nsima ya mgaiwa ndi usipa umene wina wabwera nawo pa basi ya ku Blantyre. Amene munali ana mu chilala cha 1992 simunaiwale nsima yachikasu ya ufa uja tinkautcha Kenya. Idyani pang'onopang'ono, kenako lembani amene ankakuphikirani, amene munkadya naye mbale imodzi, ndi amene ankatsala wosakhuta.

Chachisanu: pangani makwerero a zaka

Tengani pepala lalikulu, mulembe zaka motsika kumanzere. Pambali pake lembani zochitika zimene dziko lonse likuzidziwa, ndipo kumanja mulembe kumene inu kapena banja lanu munali. Zaka zikuluzikulu zili ngati zikhomo zokolekapo zokumbukira zanu.

Mwachitsanzo, 1964 Malawi atalandira ufulu, kodi kwanu anakambirana zobwerera? Anakana ndani? Mu June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo a ku Malawi. Ngati banja lanu linali la m'migodi, funsani mmene uthengawo unafikira. Nthawi ya nkhondo ya ufulu anthu a m'mafamu anali pakati pa moto uwiri, ndipo ambiri sanafotokozepo zimene anaona. Usiku wa pa 17 April 1980 ku Rufaro, Zimbabwe ikulandira ufulu, alipo wa kwanu amene analowa m'bwalomo, kapena munkamvera pa wailesi? Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira konkuno anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene sanalipondepo, ndipo ambiri anakhala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, osatha kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene akukhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Inu tsiku limene munakasintha chitupa munaima pamzere maola angati, ndipo munamva bwanji mutachigwira?

Musalembe mbiri ya dziko, imeneyo alemba kale ena. Lembani kuti mu 2008 malipiro a mwezi wathunthu anagula chiyani tsiku limene munawalandira, ndi zimene amayi anu anaphika usiku umenewo. Chaka ndi chikhomo chabe, chovala chimene mukolekepo ndi chanu.

Mukakayika za chaka kapena dzina la malo, National Archives of Zimbabwe ili pa Borrowdale Road, ndipo amasunga nyuzipepala zakale, zithunzi, mapu ndi zokamba za anthu zojambulidwa. Tengani chitupa chanu popita. Za kumudzi, nkhokwe ya zakale ya Malawi ili ku Zomba. Koma musamire m'mapepala mpaka kuiwala kuti munapita kukatsimikiza chinthu chimodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: musachape chinenero cha kwanu

Ichi ndimachinena ndi mtima wonse. Ambiri amasiya kulemba chifukwa amati, "Chichewa changa n'chosakanikira, a ku Lilongwe adzandiseka." Chichewa cha m'nyumba za ku Harare chili ndi Chishona m'kati, chili ndi chilapalapa cha m'mafamu ndi m'migodi, chilinso ndi mawu akale amene ku Malawi komweko achinyamata anawasiya. Umenewo ndi umboni wa ulendo wathu, ndipo mukauchotsa mwachotsa nkhani. Ngati amayi anu ankati "sadza" polankhula ndi aneba koma "nsima" akatseka chitseko, lembani zimenezo momwemo, chifukwa m'kusintha kwa liwu limodziko muli moyo wonse wa banja lanu. Mawu a anthu alembeni monga anatulukira m'kamwa mwawo.

Lembani mndandanda wa mawu amene munkawamva m'nyumba mwanu mokha: mmene agogo ankakuitanirani, mmene ankakalipira, nyimbo yotonthozera mwana, pemphero la pachakudya, mwambi umene bambo ankaubwereza mpaka kukutopetsani. Liwu lililonse pa mndandandawo ndi mutu wa nkhani. Kwathu mwambi wake unali wakuti "kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka", ndipo ndinatha masamba asanu ndi limodzi ndikulimbana ndi funso lakuti munthu amene ankaunena tsiku ndi tsikuyo analekeranji kupita kwawoko.

Lembaninso za mayina. Alipo amene dzina lawo linalembedwa molakwika ndi kalaliki wa pa famu n'kukhala choncho mpaka lero. Alipo amene anasiya Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe n'kutenga dzina la Chishona kuti mwana apeze malo kusukulu kapena ntchito. Funsani kuti dzina lanu linachokera kuti, ndipo ndani anasankha.

Chachisanu ndi chiwiri: pitani pamene pakuwawa, koma mudziwe malire

Mukaona kuti pali nkhani imene cholembera chikuizemba nthawi zonse, dziwani kuti mtima wa buku lanu uli pamenepo. Kwa ambiri a ife ndi tsiku limene mnzathu wa m'kalasi anatitcha mubwidi kapena mubhurandaya, mayina onyozera ife ochokera ku Malawi, kapena pamene aphunzitsi anafunsa aliyense mutupo wake ndi kumusha kwake, ife n'kusowa choyankha ngakhale chiwongo tinali nacho. Kwa ena ndi holide, anzathu akupita kumidzi yawo ife n'kutsala m'lokeshoni. Kwa enanso ndi tsiku limene tinayankha agogo m'Chishona pamaso pa anzathu, kuchita ngati sitikumva chimene akunena. Lembani tsiku limodzi lotere, malo ake, nyengo yake, amene analipo, mawu amene ananenedwa. Musafulumire kudziweruza kapena kudzikhululukira, ingofotokozani zimene zinachitika. Mukalira polemba, imani, mumwe madzi, mudzapitirize mawa.

Malire alipo awiri. Oyamba ndi a anthu amoyo. Nkhani ya banja lina la bambo limene linatsala ku Malawi, matenda a mchemwali wanu, mwana wobadwira kunja: zimenezi si zanu nokha. Polemba koyamba lembani zonse, poti kopelo ndi lanu. Koma musanapatse munthu wina kuti awerenge, kambiranani ndi eni nkhani, sinthani mayina, kapena chotsani chimene chingapweteke munthu popanda kuwonjezera choonadi chilichonse. Achiwiri ndi a mwambo. Gule wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure, ndi gawo la ubwana wa ambiri a ife, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Lembani za ng'oma zimene munkazimva usiku, fumbi la pabwalo, mantha ndi chimwemwe chimene munali nacho. Koma za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo buku lanu silidzachepa chifukwa mwazisiya.

Chachisanu ndi chitatu: pezani ulusi, kenako khalani pansi tsiku ndi tsiku

Mukachita zonsezi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mudzakhala ndi tizidutswa 20 kapena 30 tosalumikizana. Tiyaleni pamphasa, muwerenge tonse tsiku limodzi, ndipo muone chimene chikubwerabwera. Mwina ndi munthu mmodzi amene akupezeka paliponse. Mwina ndi nyumba. Mwina ndi funso, monga lakuti "kwathu n'kuti?" kapena "n'chifukwa chiyani bambo sankakamba za amayi awo?" Chimenecho ndicho ulusi wanu. Tizidutswa timene tikugwirizana nacho tisungeni, totsalato tiikeni mu envulopu ina. Mbiri ya moyo sikutanthauza kulemba chilichonse chimene chinakuchitikirani. Mayi aja a ku Highfield anasankha kulemba za ulendo umodzi wokha wa ku Dedza, ndipo ubwana wawo wonse unalowa m'nkhaniyo pawokha, basi ikudutsa Mutoko, Nyamapanda, Tete ndi Zobue.

Sankhani nthawi imene mungaikwanitse, ngakhale mphindi 20 m'mamawa ana asanadzuke. Lembani ndi dzanja m'kope lachikuto cholimba, kuti magetsi akazima ntchito isaime. Ganizo likakupezani muli pa kombi kapena pamzere wa madzi, dzitumizireni uthenga wa mawu pa WhatsApp. Polekeza tsiku lililonse, siyani chiganizo chili pakati, kuti mawa mudzapeze pogwira. Musakonze zimene mwalemba mpaka sabata itatha.

Pezani munthu mmodzi womuwerengera mokweza, makamaka amene analipo nthawi imeneyo. Mlongo wanu akati "ayi, sizinali choncho, njinga ija inali ya amalume", musakangane naye. Lembani mmene iye akukumbukirira pambali pa mmene inu mukukumbukirira, ndipo mumufunse kuti amalumewo njingayo anaitenga kuti. Tsamba lililonse limene mwamaliza lijambuleni pa foni n'kulitumiza kwa mwana wanu kapena m'bale wodalirika, kuno kapena ku Malawi, chifukwa makope amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, ndipo amasowa posamuka. Pa tsamba loyamba lembani dzina la mudzi, mfumu ndi boma limene kholo lanu linachokera, monga mmene akuluakulu akuuzirani, pamodzi ndi dzina la amene wakuuzaniyo ndi tsiku lake.